Miyala ya Manda a Kunsulu

Malemu mayi Ulmeken, amene atisonkhanitsa pabwalo pano m'mawa uno, anabadwa pa 17 Novembala 1941 m'mudzi wathu uno wa Tasbulak. Amene ndikuyankhula ndine Orazgali, mng'ono wawo wa malemu a Sandibek, amuna awo a mayiwa. Banja landituma kuti ndinene mbiri ya alamu angawa, ndipo ana andipempha kuti ndiinene mwachidule komanso mofatsa. Zachidulezo ndiyesetsa. Koma za kufatsa sindikulonjeza, chifukwa pali mawu amene akhala akunditsamwitsa kwa zaka zambiri, ndipo lero atuluke basi. A shehe, ndikakweza mawu mundikhululukire.

Malemuwa anabadwa bambo awo atapita kale kunkhondo yaikulu ija, kumene sanabwereko. Anali mtsikana wachinayi m'nyumba yopanda mwana wamwamuna, choncho ntchito zonse za anyamata zinagwera iwo. Hatchi anayamba kukwera miyendo isanafike n'komwe popondera. Sukulu anayamba mu 1949, n'kulekeza kalasi yachinayi mu 1953, chifukwa famu ya boma inkafuna manja pa nyengo imene nkhosa zimaswa. Dzina lawo ankatha kulemba, chikwangwani ankathanso kuwerenga. Zachikwangwanizo muzisunge, tizifuna kutsogoloku.

Mu Seputembala 1960 anakwatiwa ndi achimwene anga a Sandibek, n'kulowa m'banja lathu la oweta nkhosa. Mwambo woti mkamwana satchula maina a abale a mwamuna wake anausunga mpaka tsiku lomaliza. Aliyense wa ife anam'patsa dzina lawolawo, ndipo ine langa linali a Makutu. Chifukwa chake mukuchiona nokha. Ndakalamba, ndili ndi zidzukulu, koma pakhomo pano sindinamvepo dzina langa lenileni likutuluka pakamwa pawo. Ankangoti, "A Makutu, tiyi akuzizira, kapena mukudikira kuti makutuwo amwe poyamba?"

Nyengo yachisanu ikafika tinkatsika ndi nkhosa m'chigwembe cha Burkitsai, mmene mphepo imadutsa pamwamba osatipeza. Agogo athu ankatero, agogo awonso ankatero. Malo aliwonse m'chigwembemo anali ndi dzina lake. Panali Pogwera Mbuzi, panali Msana wa Ngamila, panali Kasupe wa Akazi pamene alamu angawa ankaswa madzi oundana ndi nkhwangwa kuti atunge. Palibe wa ife ankaima pamwamba pa phompho kuti aone kukongola. Tinkaimapo pofuna nkhosa yosochera, kapena poona ngati kukubwera chipale chofewa.

Mu Juni 1961 Mulungu anawapatsa mwana woyamba, wamkazi, n'kumutcha Kunsulu. Mu Januwale 1962 mwanayo anadwala chibayo tili m'chigwembe, chipale chitatseka njira yobwera kumudzi kuno. Achimwene anayesa kutuluka pahatchi kukaitana dokotala, hatchi n'kumira mpaka pachifuwa. Mwana anatisiya ali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Kunsi kwa chigwembe madzi amasefukira chipale chikasungunuka, choncho tinakwera naye pamwamba, pamphepete pa phompho. Nthaka inali gwa ngati chitsulo. Tinasonkha moto kuti ifewe, koma sitinakumbe mozama ngati mmene ziyenera kukhalira. N'chifukwa chake ine ndi achimwene tinatuta miyala yofiira n'kuunjika mulu waukulu, kuti mimbulu isafukule. Mayi ake, monga mwa mwambo wathu, sanapite nawo kokaika. Chipale chitasungunuka anatola mwala woyera kumtsinje, n'kukwera nawo okha phiri lonse lija, n'kukauika kumutu kwa mwana wawo. Kuyambira pamenepo malowo tinkati Pa Kunsulu.

Pambuyo pake anabereka ana ena anayi, n'kuwalera onse pakati pa nkhosa. Anagwira ntchito pa famu ya boma mpaka famuyo inatha mu 1993, ndipo mu 1978 anapatsidwa mendulo chifukwa cha kuchuluka kwa ana a nkhosa amene anapulumutsa m'chisanu cha chaka chimenecho. Ambiri mwa ana a nkhosawo anagona m'nyumba mwawo, pafupi ndi mbaula, ife anthu titapanikizana kukhoma. Amuna awo anamwalira mu 1998 n'kuikidwa kumanda a mudzi uno. Zaka zonsezo, Lachinayi lililonse, mayiwa ankakazinga mikate isanu ndi iwiri kuti fungo la mafuta lifike kwa akufa, ndipo dzina loyamba kutchula m'dua yawo, popempherera akufawo, linali la Kunsulu. Podutsa pamulu paja ankatsika pahatchi, n'kufunyulula manja kupemphera, n'kuwongola mwala uliwonse umene nkhosa zagwetsa.

Mu 2006 chigwembe chinasanduka paki, malo otetezedwa ndi boma. Aboma anatiuza kuti nkhosa zathu zikuwononga malo, malo amene takhala tikudyetsamo ziweto kuchokera kalekale koma iwo n'kuwapeza akadali okongola moti n'kuwachingira mpanda. Tinatuluka osalimbana nawo. Kenaka analima msewu wa mabasi m'mphepete mwa phompho, n'kumanga malo oonerapo, n'kuwapatsa maina atsopano. Pogwera Mbuzi pakhala Khomo la Dzuwa. Msana wa Ngamila wakhala Nyumba ya Mafumu, kaya mafumu ake ndi ati. Palibe anabwera m'mudzi muno kudzafunsa ngakhale nkhalamba imodzi kuti kodi malowa mumawatcha chiyani. Akulu anati mlendo ndi mame, koma mame awa anabwera ndi simenti.

Mu Meyi 2012 malemuwa anapempha mwana wawo a Medeu kuti awatengere pagalimoto kukaona manda. Ine ndinapita nawo. Pachipata anatiuza kuti tigule matikiti. Alamu anga anasuzumira pawindo n'kufunsa mlondayo kuti, "Mwanawe, zinayamba liti zoti mayi azigula tikiti pokaona mwana wake?" Mlondayo anangoloza mtengo wolembedwa pakhoma. Tinalipira.

Zimene tinapeza kumtundako, anthu inu, ndikazikumbukira mpaka lero mtima umandiwawa. Pa Kunsulu panali mabasi atatu. Poti muluwo unali pokwera kuposa pena paliponse, alendo ankakwera pamwamba pake ndi nsapato kuti ajambule bwino chigwembe. Wina anali atakhala pomwepo akusenda dzira. Mwala woyera uja panalibe. Pambali anazika chikwangwani chachikulu, ndipo malemuwa anachiwerenga okha, liwu ndi liwu, chala chili pachitsulo. Chinati malowo ndi Misozi ya Mwana wa Mfumu. Mtsikana woperekeza alendo, kambendera kali m'manja, ankafotokoza kuti zaka mazana zapitazo mwana wamkazi wa mfumu anakonda mnyamata woweta nkhosa, bambo ake n'kumukaniza, iye n'kudziponya m'phompho, ndipo mulu uwu ndi manda ake. Anati aliyense wotola mwala pamandapo n'kuuponya m'chigwembe apeza banja chaka chisanathe. Tikuona ndi maso athu, anthu anayamba kulimbirana miyala imene ine ndinanyamula paphewa ili, n'kumaiponya kuphompho uku akuseka. Ena ankaika m'matumba kuti apite nayo kwawo.

Alamu anga sanali munthu wokuwa. Anapita pamaso pa mtsikanayo, ndodo ili m'manja, n'kunena kuti, "Iwe mwana, wakuuza zimenezi ndani? Amene wagona apayu ndinabereka ndine. Anamwalira ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, mano awiri okha m'kamwa. Kukwawa komwe anali asanayambe, ndiye analumpha bwanji? Mnyamata wakoyo anamufunsira ali pabere panga?" Mtsikanayo anachita manyazi, n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Agogo, ndi mmene anatiphunzitsira, ine ndimangonena." Iyeyo sindimuda, ankafuna chakudya ngati tonsefe. Koma alendo aja, posamva chinenero chathu, anayesa kuti nkhalamba ya duku loyerayi ndi mbali ya chionetsero. Anawomba m'manja. Anawajambula. Mmodzi anawafumbatitsa ndalama. Mayi ataima pamanda a mwana wawo, misozi ili m'masaya, anthu n'kumawaombera m'manja! Ndalamayo anaisiya igwe pansi, n'kubwerera kugalimoto osatembenuka.

Chaka chomwecho tinayamba kuyenda ku ofesi ya oyang'anira malowo. Tinapempha kuti achotse chikwangwani, anakana, akuti alendo anachizolowera. Tinapempha kuti atchinge mandawo ndi waya, anakana, akuti waya aipitsa zithunzi. Pomaliza tinati chabwino, tiloleni tifukule mafupa a mwana tikawaike kumudzi pambali pa bambo ake. Apa ndiye anadzidzimuka ngati tanena zotukwana. Anati muluwo ndi wakalekale, ndi chuma cha dziko lonse, sungakumbidwe, ndipo ife tilibe umboni woti ndi wathu. Ndinawaonetsa manja anga, ndinati okumba ake ndi awa. Bwanayo anamwetulira, n'kutithirira tiyi, n'kutiperekeza mpaka pakhomo mwaulemu wonse. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa akanangotithamangitsa.

Kwa zaka ziwiri malemuwa anayesa kubwezeretsa muluwo. Ankadzera njira yakale ya nkhosa imene ilibe chipata, n'kumatola miyala m'mbali n'kuunjikanso. Akapitakonso patapita mlungu ankapeza yatha. Tsiku lina anafika kwathu atatopa, n'kukhala pakhonde, n'kundiuza kuti, "A Makutu, ine ndiye ndapusa. Ndikungowatolera zoponya. Mulu ukakhalapobe, mwana wanga sadzagona tulo." Ndinawafunsa kuti nanga titani. Anati mulu uchoke.

Nonse mukudziwa kuti kwathu kuno kumanda sachotsako kanthu, ngakhale kamtengo kouma. Malemuwa ankaopa Mulungu, ndipo maganizo amenewa anawasowetsa mtendere nyengo yonse yachisanu. Anapita kwa a shehe akale, malemu a Nurgali, kukafunsa ngati kuteroko si tchimo. A Nurgali, ndevu zili m'manja, anati miyala ija inaikidwa kuti iteteze mwana ku mimbulu, ndiye ngati tsopano ndi imene ikuitana zomupondaponda, mayi ake ali ndi ufulu woichotsa. Ana aamuna anati apite ndi lole akatute yonse kamodzi. Mayi awo anakana. Anati, "Inu akumangani, ana anu adya chiyani? Ine nkhalamba andimanga andiike pati?"

Choncho mu 2015, ali ndi zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, anayamba ntchito yawo yomaliza. Nyengo yofunda ikafika a Medeu ankawakweza pahatchi yawo yofatsa, iwo n'kulowera njira ya nkhosa m'mamawa mabasi asanafike. Ankapemphera, n'kumuuza mwana chimene akuchita, n'kutenga miyala iwiri, wina thumba ili wina thumba linalo. Pobwera ankaiunjika kuseri kwa khola la nkhosa. Ena m'mudzi muno munkanong'onezana kuti mayiwa mutu wayamba kusokonekera. Ndinkamva, makutuwa si a chabe.

Mu Ogasiti 2018 anachedwa kunyamuka, alonda n'kuwapeza. Anawatsitsa pahatchi, n'kukhuthula matumba awo pamaso pa alendo. Mkulu wa alondawo, munthu wa msinkhu wa mdzukulu wawo, anawakalipira kuti akuba chuma cha dziko, uku akuwaloza ndi chala kumaso. Alendo amene ankaonerera, matumba awo anali atatupa ndi miyala yomweyo, koma iwowo palibe anawasecha, poti anali ndi matikiti. Anawalamula kuti abwezere miyalayo pamulu. Anabwezera, msana uli wopindika. Asanachoke n'komwe, mnyamata wina wa chipewa anatola umodzi mwa miyala yomweyo n'kuuponya kuphompho, anzake n'kukuwa mokondwa. Malemuwa atafika kunyumba tsiku limenelo sanadye. Tonse tinati basi, apa ndiye agonja. Mlungu wotsatira anadzutsa a Medeu kuti amange chishalo.

Mu Okutobala 2021 anabwera ndi mwala womaliza. Pamalopo anasalaza ndi manja, n'kubzalapo zitsamba zowawa zija zimene zimamera paliponse m'chipululu muno, moti wodutsa sangasiyanitse ndi thengo lina lililonse. Oyang'anira paki ataona kuti manda a mwana wa mfumu wawo atha, sanataye nthawi. Anabweretsa miyala pa lole, n'kumanga mulu wina waukulu pafupi ndi poimika mabasi, kuti alendo asamavutike n'kuyenda. Anaumata ndi simenti kuti pasapezeke wochotsapo, n'kusamutsira chikwangwani pomwepo. Timiyala toponya tsopano akugulitsa m'timapepala. Mulu umene sunkatheka kukhudzidwa chifukwa ndi wakalekale, anaumanganso pamalo ena Lolemba limodzi! A Medeu atawauza zimenezi, mayi awo anaseka mpaka kutsokomola, n'kuti, "Aponye, aponye mpaka chigwembe chidzaze." Kuyambira pamenepo palibe phazi lapondanso pa Kunsulu. Chaka chotsatira malemuwa anakwerako komaliza, atanyamula tiyi ndi timandasi, n'kukhala pansi pambali pa zitsamba zija mpaka dzuwa linapendeka.

Mu Disembala 2023 anagwa m'khitchini, mbali ya kumanja n'kufa ziwalo. Anagonekedwa kuchipatala cha kuboma, ndipo atatuluka anawasamalira pakhomo pano ndi mwana wawo a Gulbarshin, usana ndi usiku, osadandaula. Mawu anabwerera pang'ono chabe. Mwezi wathawu anandiitanitsa, n'kundigwira dzanja ndi dzanja lawo lamoyo lija, n'kunena movutikira kuti, "A Makutu, achimwene anu ali ndi makolo awo pambali, akucheza. Mwana ali yekha. Mukandiike kumtunda." Ndinawalonjeza kuti ndikayesa. Anatsikira kulichete dzana, pa 2 Epulo 2024, ana awo onse ali pambali.

Dzulo ine ndi a Medeu tinapitanso ku ofesi kuja, maliro ali m'nyumba. Sitinapemphe chipilala, sitinapemphe msewu. Tinapempha kadzenje kamodzi pakati pa zitsamba, kopanda chizindikiro, kuti mayi agone pambali pa mwana wawo. Anatipepesa kwambiri, n'kutiuza kuti m'paki saikamo maliro, chifukwa manda angawononge maonekedwe a malo. Ndinawafunsa kuti nanga aja a simenti amene mumaonetsa alendo tsiku ndi tsiku, si manda? Anati amenewo ndi nkhani ina. Zoonadi ndi nkhani ina. Manda abodza amaloledwa, enieni ndiye amaipitsa malo. Ndinalonjeza munthu ali pafupi kufa, ndipo ndalephera. Lero tikawaika kumanda a mudzi, kutali ndi kumene anapempha. Zimenezi zandikwiyitsa, ndipo sindibisa pamaso pa a shehe kapena pamaso pa Mulungu.

Ndakuonani kumbuyoko, inu awiri a malaya obiriwira amene mwatumidwa ndi oyang'anira paki kudzapepesa. Takulandirani. Tiyi mumwe, nyama mudye, pamaliro sathamangitsa munthu. Koma mukabwerera mukanene zimene mwamva pano, ndipo mukazinene mmene zilili, osawonjezeramo mwana wa mfumu.

Malemu mayi Ulmeken asiya ana anayi: a Medeu, a Zhanbolat, a Gulbarshin ndi a Raushan. Asiyanso zidzukulu khumi ndi zitatu, zidzukulutudzi zisanu ndi chimodzi, mng'ono wawo wa amuna awo mmodzi amene ndi ine, ndi hatchi yokalamba imene yaima pakhola apo. Ndanena kuti ana anayi, koma iwo mukawafunsa ankati ali nawo asanu, ndipo sankalola kuti wina awawongolere.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino amene anawasamalira kuchipatala, amayi amene asambitsa thupi ndi kusoka nsanda, anyamata amene akumba manda kuyambira dzulo, ndi anansi amene mwabwera ndi nkhosa, ufa ndi nkhuni. Ndikuthokoza a shehe ndi onse a kumzikiti. Ndikuthokozanso amayi amene ali kukhitchini. Lero ndi Lachinayi, ndipo fungo la mafuta limene mukumvali ndi la mikate isanu ndi iwiri ija. Kwa nthawi yoyamba akazinga ndi ena, ndipo maina otchula m'dua awonjezekera limodzi.

Pempho la banja ndi ili. Swala yopempherera malemu ikatha, jeneza lonyamula thupi likamatuluka, tidzera kuseri kwa khola kumene kuli mulu wa miyala yofiira. Amayi, inu amene mutsale pakhomo monga mwa mwambo, aliyense atole mwala umodzi aupereke m'manja mwa mwamuna wake, mlongo wake kapena mwana wake. Abambo, tinyamule miyala imeneyo wapansi mpaka kumanda, pasapezeke woika pagalimoto. Mayi wokalamba anaitsitsa yekha kuchokera kuphompho kuja, ife sitingalephere kuifikitsa kuseri kwa mudzi. Tikakwirira, tiiunjike pamwamba pawo. Kumutu sikukhala kanthu, chifukwa mwala woyera uja uli m'nyumba ya munthu wina kutali, mwina akutsekera chitseko, ndipo sitiikapo wina m'malo mwake.

Sitinathe kuwapititsa kwa mwana wawo, koma chofunda chimene chinafunditsa mwanayo zaka zonse zija chifunditsa mayi ake lero. Mulungu awakhululukire zolakwa zawo, awakulitsire manda, ndipo kumene kulibe chipata kapena tikiti akawakumanitse ndi Kunsulu wawo. Alamu anga, tiyi wanu ndamwa zaka zambiri, pitani bwino. Ndine a Makutu. Mzimu wanu uuse mumtendere.